Mzere Wachinayi

Mu labotale ndatsala ndekha.
Nyengeterai wathamangira kombi ya ku Mufakose,
wasiya kapu ya tiyi pawindo
ndi mawu akuti usaiwale kutseka mpopi.
Kunja, mumsewu wa Mazowe, maluwa a jakaranda akuyoyokera
pa magalimoto a madokotala.

Ndasungunula mkaka waufa, womwewu wa m'sitolo,
ndaviikamo kapepala koyera kosaposa chikhatho changa.
Pamenepo pali mizere isanu ndi umodzi yosaoneka,
mapuloteni amene ndawathamangitsa ndi magetsi masana onse,
opepuka patsogolo, olemera akukwawa m'mbuyo.
Mzere wachinayi ndi wa mwana.
Dzina sanandipatse, nambala basi,
ndi timawu pafomu: miyezi khumi, khosi silinalimbe,
amatopa akamayamwa.

Tsono kabotolo aka.
Kanagona milungu itatu ku bwalo la ndege kudikira chidindo,
ife kuno tikupemphera kuti ayezi asasungunuke.
Mtengo wake ndi lendi yanga ya miyezi iwiri.
M'katimo muli dontho, maantibodi,
asilikali a m'magazi a mbewa ina yakutali
amene anaphunzitsidwa nkhope imodzi yokha.
Uwatulutse m'piringupiringu wa pa msika wa Mbare,
adzadutsa ogulitsa tomato, okankha ngolo, opisa m'matumba,
n'kukagwira malaya a munthu mmodzi: ndiwe.

Amene tikumusakayo amakhala kutali, m'kati mwa selo,
m'tinyumba tophikira mphamvu, mitokondiriya,
momwe muli kamakina kakekake, raibozomu,
kosula zida za ng'anjo.
Tinyumbato timalandira kwa amayi okha,
koma mapuloteni a kamakinako amabadwira kunja,
n'kulowa pachipata ngati akamwini
kukagwira ntchito pamudzi pa eni.
Tsiku limene ndinawerenga izi ndinaseka ndekha m'laibulale.
Ndinaona bambo anga, mnyamata wa ku Dedza,
zaka makumi anayi m'khitchini za ku Avondale,
akusonkha moto umene sankawotha.

Mkamwini mmodzi akasowa, kamakina kamatsimphina,
ng'anjo imazirala, mwana amagona bere lili mkamwa.
Mwina. Ndi zimene tikufunsa.

Naini koloko magetsi athima.
Ndawerenga mpaka makumi awiri jenereta isanatsokomole.
M'chipinda chozizira kathebulo kayambanso kugwedezeka,
kulera kapepala kanga, uku, uko, uku.
Ndagona pampando, juzi kumutu.

M'mawa, kutsuka. Katatu, mphindi khumi khumi.
Kenako asilikali achiwiri, a mbuzi awa,
ogwira anzawo oyamba aja pamapewa, nyali m'manja.
Kutsukanso katatu. Ntchito yathu yambiri ndi kutsuka.
M'chipinda chamdima, pansi pa babu lofiira,
filimu yatuluka m'madzi ikudontha.

Woyamba, wakuda bii.
Wachiwiri, wachitatu, chimodzimodzi.
Wachinayi, kamthunzi chabe,
ngati banga lotsala pakhoma pamene anachotsapo chithunzi.

Mtima wadumpha. Ndauuza ukhale pansi.
Akhoza kukhala matenda.
Likhoza kukhala dzanja langa, linanjenjemera pothira,
kapena kathovu ka mpweya kanabisala kunsi kwa pepala
kuti kandinamize.

Nyengeterai wafika fumbi kumapazi,
wakweza filimu kuwindo, watsinzina diso limodzi,
wati, bwereza.
Ndalemba tsiku m'buku. Ndalemba:
wachinayi wafooka, chifukwa sindikuchidziwa.
M'kabotolo mwatsala zokwanira maulendo awiri.

Kutsidya kwa mpanda, mu wodi ina imene sindidzalowamo,
mayi wina wachirikiza kamutu ndi chikhatho,
sakudziwa za mbewa, za mbuzi, za ine.
Ndatsuka manja.
Ndikupima mkaka wina.